Funsani Amisiri: Kutseka mabowo ndi ming'alu pakhoma musanapake penti

Mvula ikangosiya, makalata obwera ku gawo lino amadzaza ndi nkhani za penti. Tikawawerenga bwino timapeza kuti ambiri vuto lawo si penti ayi, koma khoma limene pentiyo akukakhalapo. Mwezi uno amisiri athu a zomanga ndi zopenta ayankha mafunso a mabowo, ming'alu ndi pulasitala wogumuka.

FUNSO: Amisiri, ndikutuluka m'nyumba ya lendi kumapeto kwa mwezi uno ndipo eninyumba anenetsa kuti makoma ndiwasiye monga ndinawapezera. Muli timabowo tambirimbiri ta misomali ya neti, ya zithunzi ndi ya makalendala. Mnzanga akuti ndingotseka ndi mankhwala otsukira mano kapena sopo woyera, kenako ndipake penti. Kodi zimatheka?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, malangizo a anzanuwo musawatsatire. Mankhwala otsukira mano akauma amafota, kabowo n'kuonekeranso, ndipo kukachita chinyezi amafewa. Sopo ndiye woipiratu chifukwa penti sagwira pamene pali sopo. Phula lomatira magalasi a mawindo nalonso ayi, lili ndi mafuta amene amadutsa mu penti wamadzi n'kusiya banga lachikasu.

Pitani ku hadiweya mukagule fila, ufa woyera womatira ming'alu umene ambiri amangoutchula kuti Polyfilla. Paketi ya magalamu 500 ikukwanirani nyumba yonse, wina n'kutsala. Mugulenso sikilepa ndi sandipepala wa nambala 120.

Ambiri amakuza bowo pozula msomali. Msomali wa konkire ukakokedwa mwamphamvu umabwera ndi chibenthu cha pulasitala. Ugwireni ndi pulayala, muupotokole uku ndi uku mpaka ukhwepe, kenako muukoke molunjika. Ngati mukuzula ndi hamala, ikani kathabwa pakati pa hamalayo ndi khoma. Pulagi ya pulasitiki, ija imagwira sikuluwu m'khoma, imachoka mukalowetsamo sikuluwu pang'ono n'kukoka sikuluwuyo. Ikakana, iduleni mutu n'kuikhomera kuti ilowe m'kati mamilimita 3 kapena 4.

Palani penti wotukuka m'mphepete, sasani fumbi ndi bulashi youma, ndipo kabowoko mukanyowetse pang'ono. Posakaniza, thirani madzi kaye m'kachitini koyera, ufa pambuyo. Mapaketi ambiri amati magawo awiri kapena atatu a ufa pa gawo limodzi la madzi, koma werengani zimene zalembedwa pa yanu. Filayo alimbe ngati chiponde. Sakanizani wochepa, woti mumumaliza m'mphindi 30, chifukwa akayamba kugwira, kuthiramo madzi ena kumangomufooketsa. Kanikizirani m'kati ndi sikilepa, chopingasa kenako chotsika, ndipo mumusiye atatumphuka pang'ono. Pakatha ola limodzi kapena awiri, kwechani ndi sandipepala wokulunga pa kathabwa. Mukakwecha ndi zala zokha mumakumba kadzenje pamene mumafuna kusalaza. Pukutani fumbi, gusani penti pa timadonthoto kaye, akauma mupake khoma lonse.

FUNSO: Pabalaza panga pulasitala anagumuka malo otalika masentimita pafupifupi 30, mpaka njerwa kuonekera. Ndinamata ndi simenti yokhayokha, yopanda mchenga, poganiza kuti ilimba kwambiri. Sabata isanathe chigamba chinang'ambika paliponse ndipo mbali ina chagwa. Ndinalakwitsa pati?
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Bambo, pavuto limeneli simuli nokha, ndipo tikhalitsapo chifukwa yankho lake likhudzanso mafunso enawa. Simenti yopanda mchenga imakhwinyata kwambiri pouma. Mchenga ndi umene umaletsa matope kukhwinyata, pomwe ntchito ya simenti n'kumata mchengawo pamodzi. Chigamba cha simenti yokha chimadzikoka n'kung'ambika, n'kulekananso ndi pulasitala wakale m'mphepete monse. Chigamba chokhalitsa chimafanana mphamvu ndi khoma limene chakhalapo, osaliposa.

Yambani ndi kupeza pamene vutolo lalekezera. Gogodani khoma ndi chigwiriro cha sikuludalaiva mozungulira bowolo. Pamene pulasitala wagwira njerwa pamamveka kuti go go. Pamene walekana pamamveka kuti phu phu, kusonyeza kuti kuseri kuli mpata. Malo onse a phu phu muwalembe ndi pensulo n'kuwagwetsa, ngakhale akuoneka abwinobwino. Bowo la masentimita 30 likhoza kufika 50 pomaliza kugogoda, ndipo zimenezo zisakudandaulitseni. Mukamata moyandikana ndi pulasitala wolekana, chaka chamawa bowo lidzatulukira pambali pa chigamba chanu.

Dulani m'mphepete ndi tchizulo kuti mukhale mowongoka, molowerera pang'ono kunsi kwa pulasitala wakale. M'mphepete mukakhala motsetsereka, matope amathera pamenepo ali opyapyala, ndipo popyapyalapo ndi pamene pamayamba kubenthuka. Palaninso mizere ya pakati pa njerwa, kuya kwa sentimita imodzi, kuti matope apeze pogwira. Chotsani fumbi lonse ndi bulashi ya waya kenako yofewa.

Tsopano nkhani ya madzi, imene anthu ambiri amaipeputsa. Simenti silimba chifukwa chakuti yauma. Imalimba chifukwa chosakanikirana ndi madzi, ndipo madziwo imawafuna kwa masiku angapo. Njerwa yootcha ikakhala youma imayamwa madzi a m'matope anu nthawi yomweyo, simenti n'kutsala yosakhwima, yoti mukaikanda ndi chikhadabo imayoyoka. Choncho wazani madzi panjerwa ndi m'mphepete mwa pulasitala wakale kawiri kapena katatu, mudikire mpaka pakhale ponyowa koma posanyezimira. Kenako pakani phala lamadzimadzi la simenti ndi bulashi yakale, ndipo matope muwaponye phalalo lisanaume. Likauma limasanduka fumbi lolekanitsa.

Muyeso wake nawu: chitini chimodzi cha simenti kwa zitini zisanu za mchenga wosefa ngati ndi khoma la m'nyumba, ndipo chimodzi kwa zinayi ngati ndi kunja kogwa mvula. Chitini chikhale chomwecho, chodzaza mofanana. Fosholo imanamiza chifukwa mchenga wonyowa umaunjikanapo wambiri. Simenti yolembedwa nambala 32.5 pathumba ndi yokwanira, palibe chifukwa chofunira ya 42.5 pantchito ngati iyi. Imene ili ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala inamwa kale chinyezi, isiyeni. Thumba la makilogalamu 50, pa muyeso wa 1 kwa 5, limamata masikweyamita pafupifupi 10 pa kukhuthala kwa mamilimita 15. Ndiye bowo lanulo silimaliza ndi makilogalamu awiri omwe.

Mchenga nawo muuyese. Wamatope ambiri umakoma pomata koma umang'amba pouma. Thirani mchenga m'botolo loonekera kufika theka, onjezani madzi ndi kasupuni ka mchere, khutchumulani, n'kulisiya maola atatu. Matope adikha pamwamba pa mchengawo. Akaposa gawo limodzi mwa magawo 10, mchengawo muutsuke kapena mupeze wina.

Sakanizani simenti ndi mchenga zili zouma mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako madzi pang'onopang'ono. Matope abwino amakhazikika pa mpeni womangira mukaupendeketsa pang'ono, n'kutsetsereka onse pamodzi mukaugwedeza. Muwamalize ola lisanathe.

Musamate mokhuthala kuposa mamilimita 15 nthawi imodzi, chifukwa matope olemera amalendewera n'kulekana ndi njerwa akadali ofewa. Bowo likakhala lakuya kuposa apo, ikani gawo loyamba, likandeni mizeremizere ndi msomali lisanalimbe, mawa lake mulinyowetse n'kuika lachiwiri. Pamene pali dzenje lakuya kwambiri, lowetsanimo zidutswa za njerwa zonyowetsa pamodzi ndi matope. Mapepala, majumbo ndi masanza asalowemo. Gawo lomaliza lidzaze mopitirira pang'ono, ndipo mulidule ndi thabwa lowongoka lotsamira pa pulasitala wakale mbali zonse ziwiri, kulikoka chokweza kwinaku mukuligwedeza. Dikirani mpaka chala chizikanika kulowa mukakanikiza, kenako pitanipo ndi fuloti, kathabwa kosalazira pulasitala, mozungulira, mukuwaza timadzi. Ngati khoma lakale n'losalala kwambiri malizani ndi mpeni wachitsulo, koma osakhalitsapo. Kusalaza kopitirira kumakokera simenti ndi madzi pamwamba, n'kusiya timing'alu tolukanalukana. Kuwaza simenti youma pamwamba kuti pasalale, monga amachitira ena, kumabweretsa timing'alu tomweto.

Kuyambira mawa lake wazani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera atatu, ndipo sabata yathunthu ndiye bwino koposa. Mu Okutobala, khoma la kunja limateni m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, n'kupachikapo chiguduli chonyowa.

FUNSO: Mmisiri anamata zigamba Lolemba, Lachitatu n'kupaka penti wa oyilo kukhitchini. Pano pazigambapo penti akumata m'manja, wasintha mtundu ndipo akusupuka. Kuchipinda kumene anapaka wamadzi sakusupuka, koma chigamba chilichonse chikuonekera, makamaka usiku tikayatsa getsi. Tichite chiyani?
Banja la ku Katoto, Mzuzu

YANKHO: Awa ndi mavuto awiri osiyana. Lakukhitchinilo ndi la kufulumira. Simenti yatsopano ili ndi ukali wa alikali, womwe uja umawaula manja a omanga. Mafuta a mu penti wa oyilo akakumana ndi ukaliwu pali chinyezi amasanduka sopo, n'chifukwa chake pentiyo akumata ndi kusupuka. Ameneyo sangachire. Mupaleni yense pazigambapo, mutsukepo, n'kusiya paume.

Opanga penti ambiri amati pulasitala watsopano wa simenti adikire masiku 28. Kachigamba kakang'ono m'nyengo yotentha kakhoza kulandira penti wamadzi pakatha masabata awiri, koma wa oyilo musamuchepetsere masiku 28 aja. Kwanu ku Mzuzu kumene mvula imachedwa kusiya ndipo Juni ndi Julayi kumazizira, onjezeraninso masiku. Osadalira maso okha. Dulani pulasitiki yoonekera ya masentimita 40 mbali zonse, imateni pachigamba ndi tepi mbali zonse zinayi, n'kuisiya maola 24. Mukapeza madontho kuseri kwake, kapena khoma litada pamalopo, ndiye kuti silinaume. Likauma, yambani ndi penti woyambira wolimbana ndi alikali, amene pachitini pake pamalembedwa kuti plaster primer, kenako andakoti, penti woyalira kunsi, n'kumaliza ndi wa oyilo. Pakati pa makoti a penti wa oyilo padutse usiku wathunthu.

Kuchipindako zigamba zikuonekera pa zifukwa ziwiri. Choyamba, chigamba chimamwa penti kwambiri kuposa khoma lopakidwa kale, ndiye pamakhala posawala mofanana ndi ponseponse. Chachiwiri, kasalalidwe n'kosiyana: khoma lakale lili ndi timanthumanthu ta rola wa zaka zambiri, pamene chigamba mwina n'chokakala kapena chosalala mopitirira, ndipo m'mphepete mwake muli kamzere kotumphuka. Kuti muone bwino, zimitsani getsi, gonekani tochi ya foni pakhoma kuti kuwala kuyende motsata khomalo. Kabampu kalikonse kachita chithunzithunzi. Lembani ndi pensulo. Kwechani potumphuka, ndipo pakani fila wopyapyala ndi sikilepa yotambalala, kupitirira m'mphepete mwa chigamba ndi masentimita 10. Akauma kwechani ndi nambala 120 kenako 180. Pazigambapo pakani koti yoyamba ya penti wamadzi wosungunula, gawo limodzi la madzi pa magawo asanu a penti, ndipo mugwiritse rola yemweyo amene mupakire khoma, osati bulashi. Kenako makoti awiri khoma lonse, kuchoka pakona kukafika pakona, kusiya maola awiri mpaka anayi pakati. Kupaka pachigamba pokha sikubisa kanthu, ngakhale penti atachokera m'chitini chomwe chija, chifukwa wapakhoma anasuluka kale ndi dzuwa ndi utsi. Powerengera wogula, lita imodzi imapaka masikweyamita 8 mpaka 10 pa koti imodzi.

Tichenjezeko pano aliyense wokwecha penti wakale wa oyilo. Penti wina wotere amakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana ndipo ndi woopsa kwa amayi oyembekezera. Cha m'ma 2020 kafukufuku wa bungwe la Lead Exposure Elimination Project anapeza mtovu wochuluka mu penti wina wa oyilo wogulitsidwa m'dziko muno, ndipo Malawi Bureau of Standards inayamba kuilondoloza nkhaniyi. Koma penti amene anapakidwa kale akadali pamakoma, pazitseko ndi pamawindo. Mukwecheni monyowetsa ndi sandipepala wa m'madzi, valani chotchinga kukamwa ndi mphuno, ana atuluke, ndipo fumbi mulikolope, osasesa.

FUNSO: Chaka chilichonse ndimamata ndi kupenta m'munsi mwa khoma, koma dzinja likafika penti amatupa, pamatuluka ufa woyera ndipo pulasitala amanyenyeka. Ndigule fila wamtundu wanji wolimba?
Mayi wa ku Matawale, Zomba

YANKHO: Mayi, ndalama za filazo zisungeni kaye. Palibe fila kapena penti amene angapirire madzi ochokera m'kati mwa khoma. Ufa woyerawo ndi mchere wa m'nthaka ndi m'njerwa. Madzi amautenga, akamauma pamwamba pa khoma amausiya pamenepo, ndipo mcherewo pokula umakankha penti ndi kunyenya pulasitala.

Fufuzani kumene madzi akuchokera. Ngati chinyezi chapanga mzere wotsata khoma, kuchoka pansi kufika mita imodzi kapena kucheperapo, chikukwera kuchokera m'nthaka. Mwina pomanga sanaike pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi pamwamba pa maziko, kapena analiika koma dothi la kunja, bedi la maluwa kapena khonde zakwera kulipitirira. Dothi liyenera kukhala masentimita 15 kunsi kwa pepalalo, kutanthauza mizere iwiri ya njerwa. Ngati ndi khoma limene madzi a padenga amagwera pafupi n'kuthovukira, pakufunika ngalande ndi kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, kotambalala masentimita 60 kapena kuposa, kotsetsereka chakunja. Ngati ponyowa ndi pamodzi pokha, kuseri kwa bafa kapena sinki, tsekani mipopi yonse muyang'ane mita ya madzi. Ikamayendabe, paipi ikudontha m'khoma.

Mukatseka gwero la madzi, gumulani pulasitala yense woola mpaka masentimita 30 pamwamba pa mzere wa chinyezi, n'kusiya njerwa pamtunda masabata angapo. Nthawi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala. Mchere ukamatuluka muzisasa ndi bulashi youma. Mukatsuka ndi madzi umasungunuka n'kubwerera m'njerwa. Mateninso ndi muyeso wa 1 kwa 4, muthiremo mankhwala oletsa madzi ogulitsidwa mu hadiweya motsatira zolembedwa pachigubu. Fila wa m'nyumba pamalo otere asafikepo chifukwa amafewa ndi chinyezi. Kupaka penti wa oyilo wakuda m'munsi mwa khoma, monga mwa chizolowezi chathu, kumabisa zipsera koma kumatsekera madzi m'kati, ndipo amakwera n'kukatulukira pamwamba pa mzere wakudawo. Tikuuzeni zoona: ngati nyumbayo ilibe pepala lotchinga chinyezi, kumatanso kukupatsani zaka zingapo chabe. Kulowetsa pepala m'nyumba yomanga kale kumatheka, pogumula mzere wa njerwa kagawo kakafupi nthawi imodzi, koma imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wodziwa.

FUNSO: Pali mng'alu wochoka pakona ya windo kutsika chopendekera. Ndautseka kawiri koma ukubwerera pomwepo.
Bambo wa ku Nchalo, Chikwawa

YANKHO: Mng'alu wobwerera ndiye kuti khomalo likuyenda, kapena munangoupaka pamwamba. Tiyambe ndi chosavuta. Mng'alu wopyapyala wa mu pulasitala mokha sungalowe fila pokhapokha muukuze. Dutsanimo ndi kona ya sikilepa kuti utseguke mamilimita 3 mpaka 5, chotsani fumbi, nyowetsani, n'kudzaza.

Koma wanuwo, bambo, tikuukayikira. Onani ngati ukuonekanso kunja kwa khoma, ngati ukutsata mizere ya njerwa mokhotakhota, ndiponso ngati windo kapena chitseko chayamba kuvuta kutseka. Zikatero vuto lili kumaziko. Dothi la makande, lomwe ndi lambiri m'chigwa cha Shire, limatupa m'dzinja n'kukhwinyata m'chilimwe, ndipo nyumba imakwera ndi kutsika nalo. Mitengo yakumwa madzi ambiri monga bulugama ikakhala pafupi, kapena madzi akamadikha m'mbali mwa maziko, zimaonjezera. Kwina ming'alu yotere inasiyidwa ndi zivomezi, monga za ku Karonga mu Disembala 2009 ndi cha ku Salima mu 1989.

Uyeseni musanamate. Lembani kamzere ka pensulo pamene mng'alu wathera, ndi deti lake. Ikaninso timadontho tiwiri mbali ndi mbali, muziyeza mpata wake ndi lula mwezi uliwonse mpaka dzinja limodzi lidutse. Ngati sukusintha, gumulani pulasitala masentimita 15 mbali zonse ziwiri, dzazani mng'alu wa m'njerwa ndi matope, khomerani waya wa nkhuku wodutsa pamng'alupo, n'kumata monga tafotokozera pamwambapa. Ngati ukukula, kapena waposa mamilimita 5, kapena mbali imodzi yatuluka kuposa inzake, itanani injiniya kapena womanga wodziwa adzaone maziko. Khoma likayamba kupendekera, pasagone munthu pafupi.

Mpata wa pakati pa felemu ya chitseko ndi khoma ndi nkhani ina. Pamenepo pamagwedezeka nthawi iliyonse chitseko chikamenyetsedwa, choncho pamafunika chomatira chofewa cha akiriliki cha m'chubu, cholandira penti. Silikoni ayi, penti sagwirapo.

FUNSO: Chitsulo cha makatani chinazuka ndi pulasitala yemwe. Ndikatseka ndi fila, ndingabowolenso pomwepo? Komanso amagetsi anagoba khoma polowetsa mapaipi a mawaya, ndipo pamene anamata pang'ambika mzere wautali.
Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Fila sanyamula katundu. Ngati n'kotheka sunthani chitsulocho masentimita 5 kapena kuposa, mubowole malo atsopano. Ngati pakufunika pomwepo, dzazani ndi matope a 1 kwa 3, dikirani masiku 7, ndipo mugwiritse pulagi ndi sikuluwu zotalika kuti zilowe m'njerwa masentimita osachepera 4. Pulasitala payekha sagwira pulagi.

Mzere wa amagetsiwo umang'ambika chifukwa matope sagwira paipi ya pulasitiki, ndipo kawirikawiri paipiyo imakhala pafupi kwambiri ndi pamwamba kapena ikugwedera. Zimitsani magetsi pa meni switchi musanagwirepo tchizulo. Gobani mosamala, khomerani paipi kuti isayende, ikhale ndi malo a matope osachepera sentimita imodzi pamwamba pake, yalanipo waya wa nkhuku, n'kumata magawo awiri. Mawaya amayenda molunjika kuchoka pa soketi ndi pa switchi, chokwera kapena chopingasa, ndiye m'mizere imeneyo musakhomemo msomali kapena kubowolamo.

FUNSO: Nyumba ya mayi anga kumudzi ndi ya zidina, yomata pulasitala wa simenti n'kupaka laimu. Pulasitala akugwa m'zigawozigawo ndipo m'mabowo ena muli chiswe. Ndikufuna ndikonze ndipake penti weniweni.
Mwana wawo wa ku Mponela, Dowa

YANKHO: Yambani ndi chiswe. Gumulani njira zake, tsatani kumene chikulowera, thiranimo mankhwala a chiswe motsatira zolembedwa pabotolo, n'kudikira masiku angapo muone ngati chasiya. Mukatsekera chiswe chamoyo m'khoma chimangotsegula njira ina, kawirikawiri yopita kudenga.

Chidina n'chofewa ndipo chimatupa ndi kufota motsata nyengo, pamene simenti yolimba siyenda nacho. N'chifukwa chake zimalekana. Mabowo akuya adzazeni ndi dothi lofanana ndi la zidinazo, losakaniza ndi mchenga, pang'onopang'ono, gawo lililonse liume. Pamwamba ikani pulasitala wofewerapo: gawo limodzi la simenti, awiri a laimu womangira ndi 9 a mchenga. Khomerani waya wa nkhuku ndi misomali yaitali kuti pulasitalayo apeze chogwira, ndipo ponyowetsa muzingowaza pang'ono kuti chidina chisasungunuke. Makoma a njerwa zootcha zomangira dothi nawo amakondwa ndi muyeso womwewu.

Pa za penti, sisitani khomalo ndi chikhatho. Chikayera, penti wamadzi akagwira ufa wa laimuwo, osati khoma, ndipo adzasupuka. Muyenera kupala ndi kusasa laimu yense wofumbutuka n'kupaka mankhwala omanga fumbi, olembedwa kuti bonding liquid. Komabe maganizo athu ndi akuti pakhoma la zidina laimu ndi woyenera kuposa penti. Ndi wotchipa, ndipo amalola chinyezi kutuluka m'malo mochitsekera m'dothi.

FUNSO: Kuno makoma a m'kati mwa nyumba ndi a mabolodi. Chigwiriro cha chitseko chaboola khoma ndipo kuseri kuli mphako. Fila akungogwera m'kati.
Wowerenga wa ku Leeds, England

YANKHO: Limenelo ndi bolodi la jipisamu, ufa woyera woumbidwa pakati pa mapepala awiri, nthawi zambiri lokhuthala mamilimita 12.5, lokhomedwa pa mitanda. Simenti ndi mchenga sizigwira ntchito pamenepo. Suzumirani ndi tochi kuti muone ngati mulibe waya kapena paipi, kenako dulani bowolo kuti likhale la makona anayi. Lowetsani kathabwa kotalika kuposa bowolo ndi masentimita 5 mbali iliyonse, kagwireni kuseri, n'kukamanga ndi masikuluwu odutsa m'bolodi, mitu yake ilowe pang'ono. Dulani kachidutswa ka bolodi kokwana pabowopo, kamangeni pa kathabwako, matani tepi yolumikizira mabolodi m'mphepete monse, n'kupaka fila makoti awiri kapena atatu opyapyala, iliyonse yotambalala kuposa yoyamba. Kwechani mopepuka kuti musang'ambe pepala la bolodi, ndipo koti yoyamba ya penti ikhale yosungunula.

Njira yomweyi ndi yokonzera siling'i ya jipisamu m'nyumba zatsopano za kuno ku Malawi. A ku South Africa amene makoma awo anasalazidwa ndi Rhinolite adziwe kuti nayenso ndi jipisamu: amafuna fila wa m'nyumba, sasakanizidwa ndi simenti, ndipo sapita kunja kapena pamalo onyowa. Inu a ku Leeds, musanapake penti mugule kamphira koimitsa chitseko mukakhomere pansi kapena pa thabwa la m'munsi mwa khoma, pamalo oti chigwiriro chiziima chisanafike pachigamba.